Msana ukavuta pa ntchito: zomwe manja a katswiri wa mafizo angathe kuchita

Nthawi yopuma masana, kuseri kwa mashedi a katundu ku Kanengo kapena ku Makata, mudzapeza munthu atayala katoni n'kugona chafufumimba, mnzake atavula nsapato akumuponda pamsana. Kunyumba ntchito imeneyi timapatsa mwana. Msana ukangolira kuti go, wogonayo amausa moyo n'kunena kuti fupa labwerera m'malo mwake. Amadzuka atapepukidwadi, koma sabata isanathe akufunanso womuponda.

Kufuna kuti wina akugwireni pomwe pakuwawa si umbuli. Manja amachepetsadi ululu wa msana, ndipo akatswiri a mafizo amatha zaka akuphunzira kagwiridwe kake. Chomwe ndikufuna kuti amve aliyense amene amadyera msana wake n'chakuti manjawo ali ndi malire. Amafewetsa msana kwa maola kapena masiku ochepa, ndipo phindu lenileni limachokera pa zomwe mwachita ndi mpata umenewo. Woyambanso kuyenda, kuwerama ndi kunyamula pang'onopang'ono mkati mwa mpatawo amachira. Wongodikira tsiku loti akamutikitenso amatha ndalama zoyendera, msana uli chiwawire.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO likuti mu 2020 anthu 619 miliyoni anali ndi ululu wa m'munsi mwa msana, ndipo chiwerengerochi chikuyembekezeka kufika 843 miliyoni pofika 2050. Palibe vuto lina la m'thupi lomwe limalepheretsa anthu ochuluka chotere kugwira ntchito zawo. Komabe mwa odwala msana 10 alionse, pafupifupi 9 alibe fupa lothyoka, chotupa kapena nthenda yoopsa. Minofu ndi mfundo zing'onozing'ono za msana zimakhala zangolemedwa, ndipo ambiri amakhala atapezako bwino kwambiri pakatha masabata 6.

Mmodzi wotsala pa 10 aja ndiye amachititsa kuti katswiri wabwino ayambe ndi mafunso asanakukhudzeni. Kwathu kuno funso loyamba liyenera kukhala la TB. Chifuwa chachikulu sichigwira mapapo okha, chimalowanso m'mafupa a msana n'kumawadya mwakachetechete. Dokotala wa ku London, Percivall Pott, adalongosola nthendayi mu 1779, ndipo m'zipatala zathu ikuonekabe, makamaka kwa anthu omwe chitetezo cha m'thupi chatsika. Imayamba ngati msana wamba, wa katundu kapena wa khasu. Imasiyana poti ululu wake suleka ngakhale mutagona, umakudzutsani pakati pa usiku, thupi limaonda popanda chifukwa, thukuta limanyowetsa zofunda, ndipo nthawi zina pamsana pamatumphuka kafupa. Fupa lodyeka chotere likapondedwa likhoza kutekedzeka n'kupana mtsempha waukulu wa mumsana, munthu n'kufa miyendo. Palibe kutikita komwe kungachize TB. Amachiza ndi mankhwala, ndipo m'zipatala za boma ndi aulere.

Musalole aliyense kudinikiza msana wanu mwamphamvu ngati ululu wayamba mutagwa pa lole kapena pa njinga yamoto, ngati mudadwalapo khansa, ngati mwamwa prednisolone kwa nthawi yaitali, kapena ngati ndinu wachikulire, makamaka mayi amene adasiya kusamba, poti mafupa amakhala atapepuka. Ndiye pali zizindikiro zomwe sizidikira malipiro a kutha kwa mwezi: dzanzi pakati pa miyendo ndi pokhalira, mkodzo kukana kutuluka kapena kutuluka wokha, kulephera kugwira chimbudzi, miyendo kufooka tsiku ndi tsiku, phazi kukhwekhwereza poyenda. Akapitawo, wantchito wanu akanena chimodzi mwa zimenezi, m'pezereni galimoto tsiku lomwelo. Mitsempha ya chikhodzodzo ikapanika nthawi yaitali, nthawi zambiri sibwereranso mwakale.

Zoopsazi zikapanda kupezeka, ndiye nthawi ya mafizo. Akatswiri ake mudzawapeza ku Queen Elizabeth, ku Kamuzu Central, ku zipatala zazikulu za Zomba ndi Mzuzu, ku Kachere Rehabilitation Centre mu Blantyre, komanso m'zipatala zina za maboma, za mishoni ndi zolipira. Digiri ya ntchitoyi imaphunzitsidwa ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo woigwira mwalamulo amalembetsa ku Medical Council of Malawi. Kufunsa ngati munthu adalembetsa asanakupotozeni msana si mwano. Akatswiriwa ndi ochepa ndipo mzere umatalika, choncho ulendo uliwonse uyenera kukupindulirani.

Pitani mutakonzekera chinthu chimodzi: kachitidwe ka pa ntchito panu komwe kamautsa ululu. Telala anene za kudzuka pampando atasoka kwa ola lathunthu. Namwino anene za kutembenuza wodwala pabedi. Dalaivala wa thiraki anene za kutsika m'galimoto atafika pa Mwanza kapena pa Songwe. Muonetseni katswiriyo kachitidweko asanayambe, ndipo akamaliza mukabwerezenso pamaso pake. Ngati tsopano mukuwerama mpaka m'mawondo pomwe poyamba mumalekezera m'ntchafu, njirayo ikugwira. Ngati palibe chasintha, asinthe njira. Muyeso umenewu ndi wodalirika kuposa kukoma komwe mumamva muli chigonere. Adzakuyendetsaninso ndi zidendene kenako ndi zala, adzagogoda bondo ndi kanyundo, adzakweza mwendo wanu muli chagada. Apo akufufuza ngati mtsempha wopita kumwendo wapanika.

Njira yomwe tonse timaidziwa ndi kutikita minofu. Katswiri amatsata minofu italiitali ya mbali zonse ziwiri za fupa la msana, mnofu wina wobisika pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno, ndi minofu ya m'matako, yomwe kawirikawiri ndiyo imatumiza ululu m'ntchafu. Akapeza polimba amadinikiza ndi chala chachikulu kapena chigongono kwa theka la mphindi kapena kupitirirapo, mpaka ululu uyambe kuzilala. Kuwawa kwake kukhale kopiririka. Mukafika pokukuta mano kapena kugwira mpweya, nenani, chifukwa mnofu wopwetekedwa umangoumiratu. Chikhulupiriro choti chowawa kwambiri ndicho chimachiza chasiya ambiri ndi mikwingwirima yopanda phindu.

Njira yomwe imagwiritsidwa ntchito kwambiri m'zipatala adaikonza ndi Geoffrey Maitland wa ku Adelaide, m'dziko la Australia, yemwe buku lake loyamba pa nkhaniyi lidatuluka mu 1964. Mumagona chafufumimba. Katswiri amaika m'mphepete mwa chikhatho pa limodzi mwa mafupa asanu a m'munsi mwa msana, n'kumadinikiza ndi kutaya, kudinikiza ndi kutaya, mosathamanga, kwa masekondi 30 mpaka 60. Maitland adagawa mphamvu yake m'magawo anayi. Awiri oyamba ndi ofatsa, salimbana ndi kuuma kwa mfundo, ndipo ndi a msana womwe ukuwawa kwambiri moti munthu akuopa n'kutsokomola komwe. Awiri otsatirawo amafika pomwe mfundo yayamba kukana, ndipo ndi a msana wouma, wa munthu amene wakhala miyezi asakuwerama. Ubwino wa njirayi n'ngwakuti mukhoza kunena kuti "imani" nthawi iliyonse, ndipo wogwirayo amamva m'manja mwake mnofu ukayamba kudzitchinjiriza.

Kuliza msana ndi komwe kumakopa anthu, ndipo n'komwe pali bodza lalikulu. Mumagona cham'mbali, bondo la pamwamba litapindidwa, phewa likukankhidwira kumbuyo pomwe chiuno chikukokeredwa kutsogolo, mpaka mfundo ifike pothera. Kenako pamabwera kukankha kumodzi, kwachangu koma kwakung'ono zedi. Kulira kuja si fupa kubwerera. M'mfundo muli madzi oterera, ndipo mfundo ikatanuka mwadzidzidzi mumabadwa thovu la mpweya. Mu 2015 ofufuza a ku University of Alberta ku Canada adajambula zimenezi ndi makina a MRI pamene chala cha munthu chinkalizidwa. Mafupa a msana ndi omangidwa ndi mitsempha yolimba kwambiri. Likadagulukadi limodzi, munthu sakadayenda yekha kupita ku ntchito.

Nkhaniyi ndimaikakamira chifukwa cha zomwe imachita m'mutu mwa wodwala. Munthu amene wauzidwa kuti msana wake umaguluka amayamba kuuopa. Amasiya kuwerama, amayenda ataumitsa thupi, amakana ntchito zomwe akadatha kugwira, minofu n'kufooka, ululu n'kukhazikika. Akatero amabwerera kwa womubwezeretsa fupa mwezi ndi mwezi. Kuliza msana kochitidwa ndi wophunzira kumachepetsadi ululu kwa anthu ena, ndipo kumva thupi kuphwanya kwa tsiku limodzi kapena awiri pambuyo pake si zachilendo. Koma katswiri amasankha mfundo, amasankha kolozera mphamvu, ndipo amadziwa amene sayenera kulizidwa. Phazi la mnzanu silisankha. Limangoika kulemera konse kwa munthu wamkulu pa nthiti ndi pa mafupa omwe palibe wawayeza.

Kwa oopa kulizidwa pali njira yofatsa. Katswiri amaika mwendo kapena thunthu lanu pomwe mnofu wayamba kukoka, n'kukuuzani kuti mukankhe dzanja lake ndi mphamvu yochepa, ngati gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zanu, kwa masekondi 5 mpaka 10. Mukamasuka amapitako patsogolo pang'ono, ndipo mumabwereza katatu kapena kasanu. Brian Mulligan wa ku New Zealand adabweretsa ina, yoti katswiri agwirize fupa limodzi ndi dzanja pamene inu mukuwerama nokha. Lamulo lake n'loti kuweramako kusawawe. Kukawawa, asinthe pogwira.

Kwa wantchito amene sangathe kupita ku chipatala kawirikawiri, njira ya Robin McKenzie ndiyo ndingamulangize kuti aifunse, chifukwa imamuphunzitsa kudzithandiza yekha. Idapezeka mwangozi mu 1956 ku Wellington, m'dziko la New Zealand lomwelo. Wodwala wina, yemwe ululu wake unkatsikira mwendo ndipo sunasinthe kwa masabata atatu, adauzidwa kuti akagone pabedi la m'chipinda choyezera. Bedilo linali litasiyidwa chokwezeka mbali imodzi, ndipo iye adagonapo chafufumimba, msana utapindikira kumbuyo, zomwe pa nthawiyo zinkaonedwa kuti n'zoopsa. McKenzie atalowa patapita mphindi zingapo adapeza kuti ululu wachoka m'mwendo n'kusonkhana pakati pa msana. Kuchokera pamenepo adaphunzira kuti kolowera ululu n'kofunika kuposa kukula kwake.

Kachitidwe kake n'kotere. Gonani chafufumimba pa mphasa, zikhatho pansi pa mapewa, ndipo kwezani chifuwa ndi mikono chiuno chili pansi, matako atamasuka. Tsikani, bwerezani kakhumi, ndipo muzichita pakapita maola awiri kapena atatu. Ku ntchito komwe kulibe pogona, imirirani, ikani manja m'chiuno, pindikirani kumbuyo. Chofunika kuyang'anira ndi ichi: ululu ukamachoka m'katumba kukwerera m'ntchafu, kuchoka m'ntchafu kukwerera m'chiuno, pitirizani ngakhale pamsana penipeni pawonjezere kuwawa pang'ono. Ukamatsikira kuphazi, siyani. Njirayi si ya aliyense. Achikulire amene miyendo imawalemera akayenda mtunda, n'kupepukidwa akakhala pansi kapena akawerama, nthawi zambiri amathandizidwa ndi zosiyana nazo, monga kugona chagada n'kukokera mawondo pachifuwa. N'chifukwa chake ulendo woyamba uja ngwofunika, kuti katswiri apeze kopindira komwe msana wanu ukufuna.

Ofufuza adayesapo kuti aone chomwe chimathandiza kwenikweni. Ku Britain, kafukufuku wa UK BEAM wa mu 2004 adatsata odwala msana 1,334. Omwe adalandira chithandizo cha manja kenako n'kuchita mafizo ndiwo adapindula kwambiri patatha miyezi itatu, ngakhale pofika chaka kusiyana kwawo ndi ena kudachepa. Mu 2016 bungwe la NICE la m'dziko lomwelo lidalangiza kuti chithandizo cha manja chiziperekedwa pokhapokha chikuyendera limodzi ndi mafizo. Mu Disembala 2023 bungwe la WHO lidatulutsa malangizo ake oyamba a ululu wa msana wokhalitsa. Lidavomereza kutikita ndi kuliza msana pambali pa mafizo ndi kuphunzitsa wodwala, koma lidakana malamba a m'chiuno, makina okoka msana, ndi mankhwala amphamvu opha ululu a gulu la morphine. Choncho mukatuluka m'chipinda cha mafizo osapatsidwa chochita kunyumba, mwalandira theka la chithandizo. Funsani.

Ambiri amakhumudwa akapanda kujambulidwa, ngati kuti dokotala wawanyozera. Koma kafukufuku wa mu 2015, wophatikiza zithunzi za anthu omwe msana sunkawawawa n'komwe, adapeza kuti mwa a zaka 20, anthu 30 pa 100 alionse anali ndi disiki yotumphuka, kakhushoni kaja ka pakati pa mafupa. Mwa a zaka 80 anali 84 pa 100. Chithunzi chikhoza kukuopsezani ndi chinthu chomwe sichikukupwetekani. Chimafunika pomwe pali zizindikiro zoopsa zija, kapena pomwe madokotala akuganizira za opaleshoni.

Tsopano za ku ntchito kwenikweniko. Mu 1995 madokotala a ku Finland adafalitsa zomwe adapeza pa antchito 186 a mzinda wa Helsinki omwe msana udawagwira mwadzidzidzi. Ena adauzidwa kugona masiku awiri, ena kuchita mafizo ofewetsa msana, ena kupitiriza zochita zawo za masiku onse momwe ululu ungawalolere. Omalizawa ndiwo adachira msanga ndipo adajomba masiku ochepa. Ogona ndiwo adachedwa kwambiri. Kugona tsiku limodzi ululu ukafika povuta si mlandu, koma sabata yathunthu pamphasa imaumitsa msana.

Apa mabwana ali ndi gawo lalikulu. M'makampani ambiri wantchito amapatsidwa zosankha ziwiri zokha: agwire ntchito yonse kapena akhale kunyumba. Pakati pake pali njira yabwino kwa onse. Wonyamula katundu akhoza kuwerenga matumba kapena kulemba m'kaundula kwa masabata awiri, kenako n'kuyamba ndi katundu wopepuka. Telala ndi wa pa kompyuta adzuke pakatha theka la ola, ayende pang'ono, apindikire kumbuyo kangapo, ndipo thaulo lopindidwa aliike kumbuyo kwa chiuno pampando. Dalaivala achotse chikwama cha ndalama m'thumba la kumbuyo, ndipo akangotsika pa ulendo wautali asayambe n'kutsitsa katundu, ayambe wayendako mphindi zingapo. Ngati mwapita ku mafizo m'mawa, gwiritsani ntchito kupepuka kwa tsikulo poyeserera kachitidwe komwe mumakaopa, pang'onopang'ono, osati kumaliza ntchito yonse yomwe idatsalira.

Thumba lathu la chimanga, feteleza kapena simenti ndi la makilogalamu 50. Bungwe la NIOSH, loona za chitetezo cha antchito ku America, limaika malire pa makilogalamu 23, ndipo apo n'kuti zonse zili bwino: katundu ali pafupi ndi thupi, pa msinkhu wabwino, wonyamula sakupotoloka. Thumba lathu likuposa kawiri muyeso umenewo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo thumba lotere ndi la anthu awiri kapena la wilibala. Kapitawo amene amagula malamba a m'chiuno poganiza kuti wateteza anyamata ake adziwe kuti kafukufuku wa mu 2000 pa antchito opitirira 13,000 onyamula katundu m'masitolo 160 ku America sadapeze kuti malambawo amachepetsa kuvulala kwa msana. Ndalama imeneyo igule wilibala, kapena ikweze poikira matumba kuti asamatoledwe pansi penipeni.

Kunyumba, mkazi kapena mwamuna wanu akhoza kukuthandizani popanda ngozi. Akuthoweni ndi thaulo la madzi ofunda, osati owira, kwa mphindi 15 kapena 20. Akusisiteni ndi chikhatho pa minofu ya m'mbali mwa fupa la msana ndi ya m'matako, asadinikize fupa lenilenilo, asakupotozeni, asakupondeni. Mukakhala nokha, mpira wa tenisi pakati pa thako ndi khoma umagwira ntchito yomweyo. Brufen, diclofenac ndi Indocid amachepetsa ululu, koma ndi a masiku ochepa, mutadya, ndipo musaphatikize awiri. Amakanda m'mimba ndi kulemetsa impso. Amene ali ndi zilonda za m'mimba, BP, shuga, amayi oyembekezera, ndi amene akumwa ma ARV ayambe afunsa achipatala asanagule pa golosale.

Lamulo la ntchito la Employment Act la mu 2000 limapatsa wantchito amene wakwanitsa miyezi 12 pa ntchito tchuthi chodwalira cha masabata 4 pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro chaka chilichonse, bola pakhale kalata ya chipatala. Ngati msana wavulala muli pa ntchito, nenani kwa kapitawo tsiku lomwelo ndipo zilembedwe, chifukwa nkhani ya chipukutamisozi imavuta ikakhala yopanda umboni. Popempha kalatayo, m'pempheni dokotala kapena wa mafizo alembe ntchito zomwe mungathe kugwira ndi zomwe muyambe mwapewa, komanso kwa masabata angati. Kalata yotere imathandiza bwana kukupezerani pogwira kusiyana ndi yongoti mupume.

Mukapita ku mafizo kanayi kapena kasanu, kachitidwe kanu koyesera kaja kosasintha n'komwe, uzani katswiriyo mosabisa kuti aunikenso. Pakatha masabata 6 ululu ukukulirakulira, kapena mwayamba kuonda ndi kutuluka thukuta usiku, bwererani kwa dokotala ndipo mutchule nokha za TB, ngakhale simukutsokomola.